Ingoma ndi Mbewu ya Kudenga

Chimanga chamakolo chosungira mbewu amachipachika kudenga la khitchini, pamwamba pa mafuwa, kuti utsi uzichiteteza kwa anankafumbwe. Koma mlimi aliyense amadziwa kuti utsi umasunga mbewu mpaka dzinja lotsatira basi. Ikakhala kudengako zaka zambiri osadzalidwa, imaonekabe ngati chimanga, koma ukaikwirira m'nthaka imamera mwa apo ndi apo. Ingoma ya Angoni ili chimodzimodzi.

Gule ameneyu anali sukulu ya nkhondo. Angoni a Zwangendaba ataoloka Zambezi mu 1835 anabwera ndi chishango cha chikopa cha ng'ombe, nthungo ndi chibonga, ndipo mnyamata ankaphunzira kuzigwira pobusa ng'ombe kudambo, akumenyana ndi anzake ndi ndodo. Mukaona wovina watuluka pamzere, nadumpha, natchinga ndi chishango, nalasa m'malere, dziwani kuti akubwereza zomwe makolo ake ankachita pamaso pa mdani weniweni. Phazi loponda mwamphamvu lija linali lophunzitsa amuna ambiri kuyenda ngati munthu mmodzi.

Nkhondo zinatha. Mfumu ya Angoni Gomani Woyamba inaphedwa ndi atsamunda mu 1896, Angoni a Mpezeni anagonja mu 1898, ndipo mwambo wawo wa Nc'wala unazima mpaka 1980 pamene unadzutsidwanso. Unadzuka chifukwa nkhalamba za m'midzi sizinaleke kuvina paukwati ndi pamaliro, ana akuonera ndi kutsanzira.

Lero tili ndi Nc'wala ku Mtenguleni pafupi ndi Chipata, Umthetho ku phiri la Hora ku Mzimba, ndi Umhlangano wa Angoni a Maseko ku Ntcheu. Ku Mua nako, malo a Kungoni asunga zovala ndi zida za Angoni. Zonsezi n'zabwino, ndipo makanema a pafoni amathandizanso, koma kumeneko ndi kudenga kuja. Kamera imajambula nthenga ndi zikopa. Siuza mnyamata kuti chigongono wachikweza kwambiri, nthiti zili pamtunda. Zimenezo amanena ndi mkulu amene waima pambali pake, mwina atamugogoda kaye pang'ono ndi ndodo.

Chilankhulo cha Chingoni chinatiphunzitsa kale zimenezi. Nyimbo zambiri za ingoma zikuimbidwabe m'chilankhulocho, koma ambiri oziimba sangamasulire mawu ake. Kumene ndikuda nako nkhawa ndi kumapazi ndi kumanja: magulu a ana asukulu amakonzekera mlungu umodzi mlendo wolemekezeka akamabwera, akavina n'kubweza zishango kwa mwini wake mpaka chaka chamawa.