Kabokosi ka fuzz kakangoti zii, vuto mumalisaka bwanji?

Loweruka lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo kwathu ku Kawale, ndinamaliza kuwotcherera kabokosi kanga koyamba ka fuzz. Ndalama ya batire ndinali nditachita kubwereka, ndipo anzanga a kwaya ndinali nditawalonjeza kale kuti mawa lake amva gitala yolira mwachilendo. Ndinalumikiza zonse, ndi kumenya nsambo. Zii. Ngakhale kaphokoso kokha.

Fuzz ndi kulira kokhakhala kwa gitala yamagetsi, konga kwa njuchi zili mu chitini. Makolo anu akudziwa kulira kumeneku ngati ankamvera Zamrock, nyimbo za ku Zambia za m'ma 1970, za magulu ngati WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi. Choseketsa n'chakuti fuzz inayamba ngati vuto. Pojambula nyimbo ya Marty Robbins yotchedwa Don't Worry, yomwe inatuluka mu 1961, makina a mu situdiyo ku Nashville anasokonekera, gitala ya besi n'kumveka mothetheka. Anthu anazikonda. Pofika 1962 kampani ya Gibson inali ikugulitsa Maestro Fuzz-Tone, ndipo mu 1966 ku London kunatuluka Fuzz Face, yomwe Jimi Hendrix anaitchukitsa.

Ine ndinkakopera Fuzz Face yomweyo chifukwa ndi yosavuta: ma transistor awiri, ma resistor anayi, ma capacitor atatu, zopotokola ziwiri ndi batire ya ma volt 9. Basi. Gitala imatulutsa kamphamvu kochepa kwambiri, mwina gawo limodzi mwa magawo khumi a volt. Ma transistor amakulitsa mafunde amenewa mopyola muyezo, koma sangapereke mphamvu yoposa ya batire, ndiye nsonga za mafunde zimadulidwa pamwamba ndi pansi. Funde losalala lija limakhala la makona, ndipo khutu limamva kukhakhala.

Tsono kabokosi kakakana kulira, mumayambira pati? Ambirife timayamba kuzula zida, kusintha ichi, kusintha icho, mpaka bolodi yonse kuda ndi moto. Ine ndinataya maola awiri choncho. Njira yabwino ndi ya mu labu ya Physics ija: yezani, lembani, sinthani chinthu chimodzi chokha, yezaninso.

Yambani ndi zooneka zachibwana. Lumikizani gitala molunjika ku ampulifaya. Ngati sikulirabe, vuto ndi chingwe, kabokosi kalibe mlandu. Kenako yezani batire ndi multimeter ili yolumikizidwa, chifukwa batire yotha imatha kuonetsa ma volt 9 ikakhala payokha, n'kugwa ikangopatsidwa ntchito. Yang'ananinso mowotcherera. Mtovu wogwira bwino umakhala wosalala. Wooneka ngati kambulu wotumbululuka nthawi zambiri sunagwire waya.

Zanga zonsezi zinali bwino. Multimeter ndinalibe, ndiye ndinapita kwa bambo wina wokonza mawailesi pamsika. Anayika waya wakuda wa mita ku negetivu ya batire, wofiira n'kumakhudza miyendo ya transistor umodziumodzi.

Apa ndiye pali sayansi yake, tcherani khutu. Transistor ili ndi miyendo itatu: collector, base ndi emitter. Ya silicon ikamagwira ntchito, base imaposa emitter ndi ma volt pafupifupi 0.6. Mu Fuzz Face, collector ya transistor yachiwiri iyenera kukhala pa ma volt 4.5 kapena chapompo, theka la batire, kuti funde likhale ndi mpata wokwera ndi wotsika. Pakati pa collector imeneyi ndi batire pali ma resistor a 8,200 ohms ndi 330 ohms. Tengani lamulo la Ohm: ma volt 4.5 kugawa ndi 8,530 ohms, mupeza karenti ya theka la milliamp. Ngati karenti siyikuyenda, palibe volt yotayika pa ma resistor aja, ndipo mita ionetsa pafupifupi 9. Ikatsika kufika chapafupi ndi volt imodzi, ndiye kuti transistor yatseguka mopitirira.

Yanga inaonetsa ma volt oposa 8. Madala aja anavala magalasi, n'kuwerenga nambala ya pa transistor.

"Mphwanga, izi wazitenga kuti?"

Ndinayankha kuti ndazula mu wailesi yakufa ya agogo. Anaseka mpaka kutsokomola. Chithunzi chimene ndinkatsatira chinajambulidwa poganizira BC547, yomwe ukaiyang'ana ku mbali yafulati, miyendo italoza pansi, imayenda collector, base, emitter. Zanga zinali C945, zodzaza m'mawailesi akale a ku Japan, ndipo izi zimayenda emitter, collector, base. Maonekedwe ndi amodzi, kapulasitiki kakuda kangati njere ya nandolo, koma palibe mwendo ngakhale umodzi umene unali pamalo pake. Nayo 2N3904 ili ndi dongosolo lakelake: emitter, base, collector. Ndiye musanawotcherere, lembani nambala ya transistor pa intaneti muone datasheet yake.

Tinapinda miyendo, n'kuveka umodzi kachubu ka pulasitiki kuti isakhudzane. Mita inatsika kufika chapafupi ndi 5, ndipo gitala inabangula mpaka amayi ogulitsa tomato anatembenuka.

Chenjezo limodzi kwa okonda kuzula zida. Batire ya ma volt 9 singakupheni, koma TV yakale kapena ampulifaya ya magetsi a pakhoma a ma volt 230 ndi nkhani ina: ma capacitor ake amasunga mphamvu ngakhale mutazula pulagi. Zimenezo asiyireni akatswiri. Ndipo powotcherera tsegulani windo.

Mukapeza ma transistor a germanium ngati AC128, dziwani kuti ndi a mtundu wa PNP, ndiye batire ndi ma capacitor okhala ndi pozitivu ndi negetivu ziyenera kutembenuzidwa. Amatengekanso ndi kutentha: kabokosi kolira bwino m'mawa wa mu Juni kakhoza kumangodukiza masana a mu Okutobala m'nyumba ya malata.

Kanga kanali ndi vuto lina lotsala. Usiku womwewo nditatsitsa voliyumu ya gitala, ndinamva munthu akulankhula chapansipansi mu sipika. Sanali mfiti. Mawaya anga ataliatali, mu bokosi la pulasitiki, ankakoka wailesi ngati eriyo. Ndinawafupikitsa, ndi kusamutsira bolodi mu chitini cha kofi cholumikizidwa ku negetivu, ndipo muulutsi uja anatsanzika.