Uchi, agave ndi shuga wa m'paketi: zoyenera kudziwa alangizi a zaumoyo ku Likoma

Munthu akauzidwa kuchipatala kuti ali ndi matenda a shuga, nkhawa yake yoyamba nthawi zambiri imakhala pa tiyi wa m'mawa. Malangizo omwe amayenda pakati pa anthu ndi akuti asiye shuga wa m'paketi n'kumathira uchi, poti uchi ndi wachilengedwe. Masiku ano pa Facebook ndi WhatsApp pabweranso dzina lina, madzi otsekemera a agave, omwe amatsatsidwa ngati zotsekemera zoyenera odwala shuga. Mlangizi wa zaumoyo kapena volontiya wa m'mudzi ndiye amakumana ndi mafunso amenewa asanafike kwa dokotala. Mfundo yaikulu yoti aidziwe ndi iyi: uchi, agave, madzi a nzimbe ndi shuga wa m'paketi zimasiyana dzina, fungo ndi mtengo, koma zikafika m'thupi zonse ndi shuga. Chimene chimateteza banja ndi kuchepetsa masupuni, osati kusintha botolo.

Chifukwa chake nkhaniyi ikukhudza Likoma

Boma la Likoma, lomwe ndi zilumba za Likoma ndi Chizumulu, linali ndi anthu opitirira 14,000 pa kalembera wa 2018. Nthaka yake ndi yamchenga ndi miyala, minda ndi yochepa, ndipo zakudya zambiri zogula, kuphatikizapo shuga, zimawoloka nyanja pa Ilala ndi maboti ena kuchokera ku Nkhata Bay. Chakudya cha tsiku ndi tsiku ndi kondowole kapena nsima ya chimanga ndi nsomba. Ufa wa chinangwa pawokha umasanduka shuga msanga ukagayika m'mimba, choncho shuga wothira mu tiyi ndi m'phala amangowonjezera pa katundu yemwe thupi lasenza kale.

Matenda osapatsirana si a m'tauni mokha. Kafukufuku wa STEPS yemwe anachitika m'dziko muno mu 2009 anapeza kuti anthu 5.6 pa 100 aliwonse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi matenda a shuga, ndipo pafupifupi mmodzi mwa atatu anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Kafukufuku wina wa bungwe la MEIRU ku Karonga ndi ku Lilongwe, yemwe zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2018, anaonetsa kuti kunenepa kopitirira muyezo kwafika ngakhale kumidzi, makamaka pakati pa amayi, ndipo anthu ochuluka omwe anapezeka ndi shuga sankadziwa kuti akudwala. Pachilumba pomwe wodwala wovutikitsitsa amayenera kuchoka pa chipatala cha St Peter's n'kuwoloka nyanja kuti akafike ku Mzuzu Central, kupewa n'kofunika koposa.

Zomwe zili mkati mwa zotsekemerazi

Shuga wa m'paketi, yemwe amapangidwa kuchokera ku nzimbe ku Dwangwa, ku Nchalo ndi ku Salima, dzina lake la sayansi ndi sucrose. Akalowa m'matumbo amagawika pawiri: theka glucose, theka fructose. Glucose amalowa m'magazi msanga ndipo amafuna insulini kuti alowe m'minofu. Fructose amapita kuchiwindi, komwe amasinthidwa kukhala zinthu zina, kuphatikizapo mafuta. Shuga wofiirira ndi woyera sasiyana kwenikweni pa zimenezi.

Uchi ndi shuga pafupifupi magawo 80 pa 100, ndipo otsalawo ambiri ndi madzi. Shuga wake ndi fructose ndi glucose yemweyo. Muli timichere ndi mavitamini pang'ono, koma n'zochepa kwambiri moti kuti munthu apezemo phindu angafunike kudya uchi wochuluka mopweteka thupi. Chifukwa uchi ndi wolemera, supuni yaikulu ya uchi imakhala ndi makalori pafupifupi 64 pomwe ya shuga imakhala ndi pafupifupi 48. Wodwala yemwe wasiya masupuni atatu a shuga n'kuyamba masupuni atatu a uchi sanachepetse kanthu.

Agave ndi chomera cha ku Mexico, pachibale ndi khonje yemwe amapangira zingwe kuno. Madzi otsekemerawo sachokera m'maluwa monga dzina lake la malonda limamvekera. Opanga amadula masamba, n'kufinya thima la chomeracho, kenako amatenthetsa madziwo kapena kuthiramo zosungunulira kuti asanduke shuga, n'kuwawiritsa mpaka atakhuthala. Ndi ntchito ya kufakitale monga momwe zilili ndi nzimbe. Zotsatira zake ndi madzi omwe shuga wake wambiri, nthawi zambiri kuposa magawo 70 pa 100, ndi fructose. N'chifukwa chake munthu akamwa agave n'kuyezedwa chala, shuga wa m'magazi sakwera msanga, ndipo apa ndi pomwe otsatsa amatsamira. Koma kuyeza chala sikuonetsa ntchito yomwe chiwindi chapatsidwa. Fructose wochuluka kwa nthawi yaitali amakweza mafuta a m'magazi ndipo amathandizira kuti chiwindi chikute mafuta, zomwe zimavutitsa kale anthu odwala shuga. Agave amachita kuitanitsidwa kunja ndipo ndi wokwera mtengo. Palibe chifukwa cha zaumoyo choti banja la ku Likoma liwonongere ndalama pa iye. Ndipo pasapezeke woyesa kufinya khonje wa kumunda: madzi ake amayabwa ndi kutupitsa khungu, si chakudya.

Nzimbe yotafuna ili ndi ubwino umodzi, wakuti kutafuna kumachedwetsa ndipo munthu amatopa asanamwe madzi ambiri. Ikafinyidwa m'kapu, ndi shuga wosungunuka basi.

Mlingo wake ndi masupuni angati

Mu 2015 bungwe la WHO linatulutsa malangizo akuti shuga wothira asapitirire gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu zomwe munthu amapeza m'zakudya pa tsiku, ndipo zingakhale bwino koposa atatsika kufika pa theka la mlingo umenewo. Kwa munthu wamkulu, izi ndi pafupifupi magalamu 50 pa tsiku, omwe ndi masupuni a tiyi 12 osasefukira. Mlingo wabwinowo ndi magalamu 25, masupuni 6. M'malangizo amenewa uchi, madzi okhuthala ngati agave ndi juwisi wa zipatso amawerengedwa pamodzi ndi shuga wa m'paketi. Chipatso chodyedwa chathunthu ndi mkaka wosathira kanthu siziwerengedwa.

Njira yosavuta yophunzitsira ndi kuwerenga limodzi ndi mwini nyumba. Makapu awiri a tiyi a masupuni atatu atatu ndi masupuni 6. Awiri a m'phala akwana 8. Botolo limodzi la chakumwa chozizilitsa kukhosi la mamililita 300 limatha kukhala ndi masupuni 7 kapena 8. Apo munthu wafika kale pa 15 kapena 16 asanadye mandasi kapena kumwa Sobo, ndipo ngati supuni zake ndi zosefukira, chiwerengerocho chimakwera. Ambiri amadabwa akaona shuga wa tsiku limodzi ataunjikidwa m'mbale patsogolo pawo, ndipo phunziro lotere limakhalitsa kuposa mawu.

Mano nawo sasankha. Tizilombo ta m'kamwa timasandutsa uchi, agave ndi shuga kukhala asidi wobowola mano, ndipo chimene chimaononga kwambiri ndi kubwerezabwereza tsiku lonse, monga mwana womangoyamwa masuwiti kapena mafilizesi.

Pali ena omwe amafunsa za timapiritsi kapena timapaketi totsekemera topanda shuga, monga stevia. Mu 2023 WHO inalangiza kuti zimenezi zisagwiritsidwe ntchito ngati njira yochepetsera thupi, chifukwa siziwonetsa phindu la nthawi yaitali. Langizo limeneli silinakhudze anthu omwe ali kale ndi matenda a shuga. Iwowa akambirane ndi kuchipatala.

Kutsekemera komwe kuli kale pakhomo

Kusiyana kwenikweni kuli pakati pa zotsekemera zothira ndi chipatso chathunthu. M'chipatso shuga amakhala womangika mu mnofu ndi ulusi, amagayika pang'onopang'ono, amakhutitsa, ndipo amabwera ndi mavitamini. Likoma ili ndi mitengo yambiri ya mango ndi milambe, ndipo nthochi, mapapaya ndi mbatata zimapezeka pamsika.

Phala la mgaiwa kapena la mpunga limakoma ndi nthochi yakupsa yotswanya ndi nsinjiro, popanda shuga. Zitumbuwa za nthochi zakupsa bwino sizifuna supuni ina iliyonse. Mu chigumu, nthochi kapena mbatata yophika yophwanya ikhoza kulowa m'malo mwa theka la shuga. Futali wa mbatata ndi wotsekemera kale. Thobwa lophikidwa ndi chimera chokwanira limatsekemera lokha, ndipo shuga yemwe amawonjezeramo pogulitsa ndi wa chizolowezi chabe, ngakhale wodwala shuga ayenera kumwa pang'ono ngakhale losathiralo. Malambe ali ndi vitamini C wambiri koma ndi owawasa, moti juwisi wake amadya shuga wochuluka. Ndi bwino kuthira ufa wake m'phala pamodzi ndi nthochi kusiyana n'kupanga juwisi.

Nyengo ya mango, kuyambira Novembala mpaka Januwale, imafuna chenjezo lake. Wodwala shuga akhoza kudya bango limodzi laling'ono pambuyo pa chakudya, osati kukhala pansi pa mtengo ndi beseni. Mango ouma ali ndi shuga wochuluka pa kachidutswa kakang'ono chifukwa madzi anachoka.

Banja lomwe lili ndi uchi ndipo limaukonda lisaletsedwe. Uchi ndi wotsekemera kuposa shuga, choncho lithire wochepa ndi kuuwerenga pa masupuni a tsikulo. Pophika chigumu ndi uchi, madzi achepetsedwe pang'ono ndi makala a pachivindikiro achepe, chifukwa uchi umapserera msanga. Kuchepetsa kumatheka bwino pang'onopang'ono: masupuni atatu sabata ino, awiri ndi theka sabata yotsatira, mpaka lilime litazolowera.

Funso lina lomwe limabwera ndi la vitamini A. Kuyambira 2012 shuga wogulitsidwa m'dziko muno amathiridwa vitamini A, zomwe uchi ndi agave alibe. Ichi si chifukwa chochulukitsira shuga. Vitaminiyu amapezekanso m'mango, mapapaya, maungu, mbatata yofiira mkati, masamba obiriwira ndi mafuta ophikira owonjezeredwa vitamini.

Uchi ndi mwana wosakwana chaka

Apa palibe kukambirana. Mwana wosakwana miyezi 12 asapatsidwe uchi, kaya ndi wonyambititsa, wa m'phala kapena wa chifuwa. Uchi umatha kukhala ndi njere za kachilombo kotchedwa Clostridium botulinum. M'matumbo a wamkulu njerezi sizimera, koma mwa khanda zimamera n'kutulutsa poizoni wofoola mitsempha. Kuwiritsa phala sikuzipha. Zizindikiro zake ndi kudzimbidwa, kulephera kuyamwa, kulira mofooka, zikope kugwa ndi thupi kulobodoka. Mwana wotere apite kuchipatala nthawi yomweyo chifukwa akhoza kulephera kupuma. Miyezi 6 yoyambirira mwana ayamwe bere lokha, ndipo akayamba phala lisathiridwe shuga. Lilime lozolowera kutsekemera likadali laling'ono limavuta kulibweza. Kwa mwana wopitirira chaka, supuni ya tiyi ya uchi imathandiza kuziziritsa chifuwa, koma kupuma mofulumira kapena kulowa kwa nthiti ndi nkhani ya kuchipatala.

Pomwe shuga ndi mankhwala

Uthenga wochepetsa shuga ukapitirira malire umaphanso. Wodwala yemwe akumwa glibenclamide kapena kubaya insulini akhoza kutsika shuga mwadzidzidzi, makamaka akadumpha chakudya kapena kugwira ntchito yolemetsa, monga msodzi wochezera panyanja kukoka usipa. Amanjenjemera, kutuluka thukuta, kumva njala, kusokonezeka mutu. Ngati akutha kumeza, apatsidwe masupuni a tiyi atatu kapena anayi a shuga osungunula m'madzi, abwereze pakatha mphindi 15 ngati sizinasinthe, kenako adye chakudya. Uchi ukhoza kuthandiza ngati shuga palibe. Agave ndi stevia sizoyenera pano, chifukwa sizikweza shuga wa m'magazi msanga. Wokomoka asamwetsedwe kanthu. Agonekedwe chammbali n'kuthamangira naye kuchipatala. Wodwala aliyense wotere azinyamula kapaketi ka shuga akamapita panyanja kapena paulendo wa Ilala.

Mwana wotsekula m'mimba apatsidwe Thanzi ORS wosungunula monga mwalembedwera. Glucose wa mu ORS ndiye amakoka mchere ndi madzi kulowa m'thupi, ntchito yomwe fructose sagwira. Pasawonjezedwe uchi kapena shuga wina, chifukwa madzi otsekemera kwambiri amawonjezera kutsekulako. Chimodzimodzinso Chiponde ndi mkaka wa kuchipatala wa ana onyentchera: muli shuga mwadala, ndipo mayi asachepetse mlingo chifukwa chomva kuti shuga ndi woipa.

Pocheza ndi banja

Kukambirana kwabwino kumayamba ndi mafunso: pakhomopo paketi ya kilogalamu imodzi imatha masiku angati, pali anthu angati, ndani amamwa tiyi kangati. Kilogalamu imodzi ndi masupuni a tiyi pafupifupi 250, choncho mlangizi akhoza kuwerengera pomwepo mlingo wa munthu aliyense. Kenako agwirizane ndi banjalo chinthu chimodzi choti lisinthe mwezi umenewo, n'kudzafunsanso pa ulendo wotsatira. Wamkulu aliyense yemwe akumva ludzu kawirikawiri, kukodza pafupipafupi, kuonda mosadziwika bwino kapena yemwe bala lake likuchedwa kupola atumizidwe kukayezetsa shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Ndipo yemwe wapezeka kale ndi matendawa akumbutsidwe kuti uchi suchiza shuga ndipo sulowa m'malo mwa mankhwala ake.