Kayendedwe ka munthu wotopa pa Chingerezi

Ophunzira a Fomu 4 amakonda kundifunsa tanthauzo la mawu akuti "trudge". Ndimawauza kuti akaime pamsewu wa Chikwawa dzuwa likamalowa, aone anthu a ku Nancholi akubwerera wapansi kuchokera m'tauni chifukwa ndalama ya minibasi yavuta. Miyendo yalemera, akungokhwekhwereza mapazi, koma ulendo ukupitirira. Kayendedwe kameneko ndiye "trudge".

Kuchedwa kokha sikokwanira; pamafunika kutopa, katundu wolemera, matope kapena chitunda. Woyenda pang'onopang'ono akucheza ndi bwenzi lake, Angerezi amati akuchita "stroll".

Choncho polemba chimangirizo pa mayeso a MSCE, musagwiritse ntchito mawu akuti "trudge" ponena za mkwatibwi amene akulowa m'tchalitchi. Asungireni mayi wochokera kuchigayo atasenza thumba la ufa.