Mmene zikho za zisudzo zinayambira m'Malawi

Kupikisana pa zisudzo ndi mwambo wakalekale. Ku Athens ankachita zimenezi zaka zoposa 2,400 zapitazo, ndipo mphoto zotchuka za Tony zinayamba ku New York mu 1947. Koma kuno kwathu mphoto ya sewero sinabadwire m'nyumba za zisudzo. Inabadwira kusukulu, m'manja mwa aphunzitsi.

Mu 1969 bungwe la aphunzitsi a Chingerezi, Association for the Teaching of English in Malawi, limene aliyense amangoti ATEM, linakhazikitsa mpikisano wa zisudzo wa sukulu za sekondale. Sukulu zinkayamba zapikisana m'zigawo, Kumpoto, Pakati ndi Kummwera, kenako zopambana n'kukakumana mu ndime yomaliza. Cholinga chinali choti ana azolowere kulankhula Chingerezi, choncho oweruza ankatchera khutu kwambiri pa katchulidwe ka mawu. Zina zonse ana ankadzipezera okha: ndevu za thonje, makala ojambulira makwinya pankhope, jekete lobwereka kwa aphunzitsi, madesiki olumikiza kuti akhale nsanja.

Anawo sanakhutire ndi masewero olembedwa kunja. Anayamba kulemba awoawo, ndipo panthawiyo kulemba kunkafuna mtima. Lamulo la 1968 linkati sewero lililonse lipite kaye ku Censorship Board lisanaonetsedwe. Olemba achinyamata anaphunzira kubisa nkhani m'nthano ndi m'mikuluwiko, ndipo oonera nawo anaphunzira kumva zimene sizinanenedwe.

Dzina limene limaonetsa bwino mphamvu ya chikho chimenechi ndi la Du Chisiza Jr. Iye anabadwa mu 1963, miyezi ingapo bambo ake, Dunduzu Chisiza, atamwalira pa ngozi ya galimoto. Mu 1982, ali mwana wa sukulu ku HHI ku Blantyre, sewero lake la The Deceased's Attack linapambana mpikisanowu. Kenako anapita ku America, ndipo atabwerako anakhazikitsa gulu la Wakhumbata Ensemble Theatre mu 1987, n'kuonetsa Amalawi kuti munthu angathe kudya za zisudzo. Atamwalira mu 1999, Gertrude Kamkwatira ndiye anatsogolera gululo.

Komabe pali china chimene chimandiwawa. Chikhocho chinali ndi chilankhulo chimodzi chokha. Mu 1968 Chichewa chinakhala chilankhulo cha dziko, Chitumbuka n'kuchotsedwa pa wailesi, ndipo patangotha chaka mphoto ya zisudzo inabwera m'Chingerezi. Taganizirani mwana wa ku Lupaso mu mzinda wa Mzuzu, amene amatha kuseketsa bwalo lonse m'Chitumbuka ndipo wakula akuona Vimbuza ndi Malipenga. Kuti dzina lake litchulidwe pa tsiku la zikho, luso lonselo ankayenera kulinyamula n'kukalitula m'chilankhulo chachitatu. Ambiri ndithu anatsalira panjira, osati chifukwa chosowa luso.

Masewero a m'zilankhulo zathu anadzipezera oweruza ena. Gulu la Kwathu, limene John Nyanga ndi Eric Mabedi anatchukiramo, linkachita zonse m'Chichewa, ndipo mphoto yake inali anthu odzaza bwalo la French Cultural Centre ku Blantyre, atalipira pakhomo ndi ndalama za m'thumba mwawo. Mpaka lero awiriwa anthu amawadziwa ndi mayina a m'sewero, Izeki ndi Jakobo.