The Great Divide: gawo la Avatar limene oonera ambiri amalidumpha

Katuni ya Avatar: The Last Airbender inayamba kuonetsedwa pa wailesi ya kanema ya Nickelodeon ku America mu February 2005, ndipo inatha mu July 2008. Anaipanga ndi Michael Dante DiMartino ndi Bryan Konietzko. Ili ndi magawo 61 oikidwa m'mabuku atatu, a Madzi, Nthaka ndi Moto, ndipo imasimba za Aang, mnyamata wa zaka 12 amene anakhala zaka 100 ali chigonere m'madzi oundana. Podzuka anapeza mtundu wake wonse utaphedwa, dziko lili pa nkhondo ndi Mtundu wa Moto. Katuniyi inalandira mphoto ya Peabody ndipo imatamandidwa mpaka lero. Koma okonda katuniyi akafunsidwa gawo lofooka kuposa onse, ambiri amatchula la nambala 11 la buku loyamba, lotchedwa The Great Divide, lomwe linaonetsedwa mu May 2005. Analilemba ndi John O'Bryan, analitsogolera ndi Giancarlo Volpe.

Nkhani yake ndi yaifupi. Aang ndi anzake awiri, Katara ndi mchimwene wake Sokka, afika pa chigwa chachikulu kuposa zonse m'dziko lawolo. Iwo akanatha kungouluka pa msana pa Appa, njati yawo youluka, koma apezapo mafuko awiri othawa nkhondo amene akufuna kuoloka wapansi kupita ku mzinda wa Ba Sing Se. A Gan Jin ndi anthu audongo, ovala zoyera, onyada. A Zhang ndi auve, ovala zikopa, olankhula mosabisa. Akhala akudana kwa zaka 100, ndipo wolondolera njira alipo m'modzi yekha, nkhalamba yodziwa kulamulira nthaka ndi miyala. Aang awagwirizanitsa kuti ayende limodzi, odwala ndi okalamba awanyamule Appa. Lamulo la wolondolerayo ndi limodzi: m'chigwa musalowe chakudya, chifukwa fungo lake limaitana zilombo zooneka ngati ng'ona zamiyendo ya kangaude. Mafuko onse awiri abisa chakudya m'zovala. Chilombo chibwera, chithyola manja a nkhalamba ija, ndipo popeza njira yobwerera inali itagumulidwa kale kuopa asilikali a Moto, gulu lonse litsekeredwa pansi.

Usiku umenewo fuko lililonse lisimba chiyambi cha udaniwo. A Gan Jin auza Katara kuti kholo lawo Jin Wei ankanyamula mpira wopatulika kuchokera ku chipata cha kum'mawa kupita ku chipata cha kumadzulo, ndipo munthu wa Zhang dzina lake Wei Jin anamuchita chiwembu n'kumulanda. A Zhang auza Sokka kuti Wei Jin anapeza Jin Wei atavulala, anamuthandiza potenga mpirawo kukaupereka kwa eni ake, koma malipiro ake anali zaka 20 m'ndende. Kutacha, atathawa zilombo zija pozimanga pakamwa ndi matumba a chakudya n'kuzikwera mpaka pamwamba, atsogoleri awiriwo asololanso malupanga. Apa Aang anena kuti iye, pokhala wa zaka 112, ankawadziwa anthu awiriwo: anali mapasa a zaka 8, ankangosewera mpira, ndipo ndende ija inali chilango cha mphindi ziwiri chifukwa chotuluka m'bwalo. Mafukowo akhulupirira, agwirizana, anyamuka limodzi. Atapita, Aang aulula kwa anzake kuti nkhani yonseyo wangopeka.

Zifukwa zodanira gawoli zilipo, ndipo zina n'zoona. Mafuko awiriwo alibe umunthu wokwanira. Lina ndi ukhondo basi, lina ndi uve basi, ndipo nthabwala imodziyo imabwerezedwa mpaka kutopetsa. Katara ndi Sokka nawo abwerera m'mbuyo. M'gawo lapitalo, lotchedwa Jet, Sokka ndi amene anazindikira msanga kuti mtsogoleri wa achinyamata oukira akufuna kumiza mudzi wonse, koma pano akukangana ndi mlongo wake za tenti ndi nkhuni, kenako aliyense akhala kumbali ya fuko limene wagona nalo usiku umodzi wokha. Malo amene gawoli linakhala analipwetekanso, chifukwa lotsatira lake ndi The Storm, limodzi mwa magawo okondedwa kwambiri, mmene mumaululika zakale za Aang ndi za Zuko, kalonga wa Mtundu wa Moto amene akumusakasaka. Komanso munthu atha kulidumpha osataya kalikonse pa nkhani yaikulu. Opanga katuniyi anazimva zonsezi. Mu 2008, m'gawo la The Ember Island Players, momwe gulu la zisudzo limasewera ulendo wonse wa Aang, ochita sewerowo akafika pa chigwachi amangochiyang'ana n'kugwirizana zopitiriza kuuluka.

Koma chimene chimakwiyitsa anthu kwambiri ndi bodza lija, ndipo apa ndi pamene chiweruzo cha ambiri chimafunika kuchionanso bwino. Dandaulo lake ndi lakuti Aang analeredwa ndi amonke, ndi Avatar, mkhalapakati wa dziko lonse, choncho sakanayenera kumanga mtendere pa chinyengo, ndiponso kuti katuni ya ana ikuphunzitsa kuti kunama n'kwabwino. Dandauloli limaiwala kuti Aang wa buku loyamba ndi wotani. Ndi mwana wozemba. Luso la mtundu wake ndi la mphepo, ndipo wolamulira mphepo salimbana ndi chinthu maso ndi maso, amachizungulira. The Storm imaonetsa kuti atauzidwa kuti ndi Avatar anathawa kwawo. M'buku lachiwiri, mnzake Toph akumuphunzitsa kulamulira nthaka, vuto lake ndi lomweli: akufunafuna njira yapambali pamene mwala ukufuna woima nji patsogolo pake. Ngakhale pa mapeto a katuni yonse, onse akumuuza kuti aphe Ozai, mfumu ya Moto, iye apeza njira yachitatu yongomulanda mphamvu. Mwana wotereyu, wanjala, amene wayesa kulankhula mwamtendere tsiku lonse osamveka, akaona malupanga atuluka, kupeka nthano n'kogwirizana ndi khalidwe lake.

Bodzalo lilinso ndi nzeru imene kawirikawiri imaphonyedwa. Aang sanene kuti fuko ili ndi lolakwa, kapena kuti onse akunama. Atenga zonse zimene mbali ziwirizo zimakhulupirira, mpira, zipata ziwiri, kugwa kwa Jin Wei, kutenga mpira kwa Wei Jin, chilango, n'kuzichepetsa mpaka zitakhala masewera a ana. Palibe amene wachita manyazi, ndiye palibe amene ayenera kubwezera. Ojambula anali atakonza kale njira ya mfundo imeneyi: nkhani zitatuzo zinajambulidwa mosiyana, ya Gan Jin mokongola ndi mwaulemu, ya Zhang mwaukali ndi mokhotakhota, ya Aang ngati tizidole toseketsa. Woonera akuuzidwa ndi maso kuti palibe pa zitatuzi imene ili mbiri yeniyeni, kuti iliyonse yavala nkhope ya woisimba. Mayina enieniwo, Jin Wei ndi Wei Jin, ndi dzina limodzi lotembenuzidwa.

Mbali yakuthwa kwambiri ya gawoli ndi ya chakudya chobisa chija, ngakhale imatchulidwa mwa apo ndi apo. A Gan Jin akuti anabisa chifukwa ankadziwa kuti a Zhang abisa. A Zhang akuti anabisa chifukwa ankadziwa kuti a Gan Jin akuwaganizira kale zoipa, ndiye kumvera lamulo kukanapindula chiyani? Aliyense waphwanya lamulo m'dzina la mnzake, ndipo wovulala ndi nkhalamba imene inalibe nawo mbali. Kwa oonera a zaka 8 kapena 10, amene katuniyi inapangidwira poyamba, limeneli ndi phunziro lomveka bwino la mmene kukayikirana kumadzidyetsera kokha.

Cholakwika chenicheni cha The Great Divide n'chakuti bodzalo silikhala ndi mtengo. Katara anena kuti zimenezo n'zolakwika, koma akumwetulira, ndipo gawo litha ndi nthabwala ya njala ya Aang. Magawo anayi kutsogolo, mu Bato of the Water Tribe, Aang abisa mapu osonyeza kumene kuli bambo a Katara ndi Sokka poopa kuti amusiya yekha. Ataulula, anzakewo amukwiyira n'kumuchokera kwa kanthawi. Kumeneko olemba analola chinyengo kupweteka. A Gan Jin ndi a Zhang saonekanso m'magawo 50 otsalawo, choncho funso loti mtendere wawo unakhalitsa kapena unasweka atafika ku Ba Sing Se silinayankhidwe m'katuniyi. Netflix itapanganso buku loyamba ndi anthu enieni mu 2024, inalifupikitsa kukhala magawo 8, ndipo ulendo wa m'chigwa sunapatsidwe gawo lake.