MABISIKETI A MADETI: CUMA CA PA KAPEPALA KA AGOGO

M'nyumba zambiri za ku America ndi ku Canada, azimai amasunga kabokosi ka timapepala tolembedwa pamanja. Pa timapepalato pali malangizo a kaphikidwe amene makolo ao anasiya, ndipo ena mwa malangizowo ndi a mabisiketi okhala ndi madeti mkati.

Madeti ndi zipatso zotsekemera za kanjedza wa m'cipululu, mbale wake wa kanjedza womera m'mbali mwa mitsinje muno m'Zambia. Mbeu zake zabwino zinafika ku California kucokera ku Algeria, Egypt ndi Iraq kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900, ndipo mtundu wochedwa Medjool unacokera ku Morocco mu 1927. Popeza madeti ouma saola msanga, anali kupezeka m'sitolo ngakhale m'nyengo yozizira, zipatso zina zitasowa.

Wophika amadula madeti, nawawiritsa m'madzi pang'ono pamodzi ndi shuga kufikira atalimba ngati phala, nawasiya kuti azizire. Pambali amakanda fulawa, oats, batala, shuga, soda ndi mkaka wosasa. Mtandawo amauyala kuti upyapyale, nadula tozungulira ndi kukamwa kwa tambula. Pakati amaika supuni imodzi ya madeti, nabvundikira ndi kozungulira kena, natsindira m'mphepete ndi foloko.

Bvuto ndi lakuti timapepala takale sitinena zonse. Tambiri timangoti fulawa akhale wokwanira ndipo uvuni utenthe pang'ono, pakuti mbaula za nkhuni zinalibe coyezera kutentha. Ophika a lero amaika madigiri 180 kwa mphindi 10 kufikira 12. Ngakhale buku la Fannie Farmer wa ku Boston la mu 1896 linafalitsa miyeso yeniyeni ya kapu ndi supuni, azimai ambiri anapitiriza kuyeza ndi kapu ya m'nyumba mwao. Ndiponso mdzukulu akathira mkaka watsopano m'malo mwa wosasa, soda safufumitsa bwino, ndipo mabisiketi amamveka ngati sopo m'kamwa.

Cifukwa ca ici, mabanja anzeru amaphika pamodzi ndi okalamba akali ndi moyo, nalemba m'mphepete mwa kapepala zonse zimene sizinalembedwe. Mau a akulu akoma akagonera. Koma agogo akatsikira kuli cete, sipakhalanso wofunsa kuti kapu yao inali yaikulu motani.