Namondwe asanafike, mbewu ikwere pansanja

Pa 15 Marichi 2019, namondwe wa Idai, atasakaza mzinda wa Beira, anawoloka malire n'kugwera maboma a Chimanimani ndi Chipinge ku Zimbabwe. Anthu oposa 300 anamwalira m'dzikolo, milatho inakokoloka, ndipo chimanga chimene chinatsala pang'ono kukololedwa chinakwiririka m'matope. Mabanja ambiri amene anapulumuka analowa dzinja lotsatira opanda chobzala.

Phunziroli ndi lalikulu kwa anthu a ku Mount Selinda ndi m'minda ya tiyi ya Chipinge, kumene kuli mabanja amene amadalira kadimba ka kuseri kwa nyumba. Anamondwe amabwera pakati pa Novembala ndi Epulo, choncho kukonzeka kuyambe chenjezo la a zanyengo lisanamveke pa wailesi.

Denga limangidwe zolimba, ngalande zozungulira nyumba zitsegulidwe, madzi akumwa atungidwe. Kenaka mbewu. Ya chimanga, nyemba kapena mapira iume bwino, ithiridwe m'chigubu chotseka zolimba, chilembedwe dzina, chikwezedwe pansanja. Igawidwe pawiri, ina ikasungidwe kwa achibale okhala pamtunda wosagumuka. Mbewu yothiridwa mankhwala isayandikane ndi chakudya, pakuti njala ikavuta ana angaikazinge.

Achenjezo akanena kuti musamuke, musamuke; moyo ndiwo woyamba. Mukabwerera, fesani njere 100 pansalu yonyowa. Zikamera zosakwana 80 pakatha sabata imodzi, kafuneni mbewu yovomerezeka nthawi ikadalipo.